Kuchokera kwa Nyangu Kufika ku Joni: Mbiri ya Mayi ndi Mwana Wake Wamkazi

Osunga mbiri ya Achewa amati makolo athu anachokera ku Uluba, m'dziko limene lero tikulitcha Congo, ndipo anafika kuno m'magulu. A Banda ndiwo anatsogola, a Phiri n'kubwera pambuyo, cha m'ma 1400. A Phiriwo anadza ndi ufumu wa Kalonga, umene likulu lake linakhazikika ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Anthu pokamba mbiriyi amathamangira mayina a mafumu aamuna, chonsecho ufumuwo sunkachoka kwa bambo kupita kwa mwana wake. Unkadzera mwa mkazi wotchedwa Nyangu, mayi kapena mlongo wake wa Kalonga, ndipo aliyense wolowa ufumu ankayenera kukhala wotuluka m'bele la mkazi ameneyu. Nyangu akamwalira, dzinalo linkagwera mkazi wina wa m'bele lomwelo. A Banda nawo anali ndi mkazi wawo wamkulu, Makewana wa ku Msinja, amene ankapempha mvula m'malo mwa dziko lonse, akutumikiridwa ndi atsikana otchedwa matsano. Choncho kumayambiriro kwa mbiri yathu kuli mzere wa akazi, mayi kusiyira mwana wake wamkazi, ndipo amuna ankalamula poimira mzere umenewo.

Zimene zinkachitika kwa Kalonga zinkachitikanso m'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndi m'zigwa za Bua ndi Kasangadzi kumene kuli Mponela lero. Mudzi unkamangidwa pa mayi ndi ana ake aakazi. Mnyamata akakula ankachoka kukakwatira kwina, n'kukakhala mkamwini kwa eni ake. Msungwana ankatsala. Nyumba yake inkamangidwa pafupi ndi ya amake, munda ankamudulira pa munda wa amake, dimba la kudambo linali lomwelo. Atsibweni ake, monga nkhoswe, ankayang'anira mbumba yonse pa milandu ndi pa maukwati, koma za tsiku ndi tsiku zinali m'manja mwa akazi okhaokha. Mayi ndi mwana wake ankatunga pachitsime chimodzi, kusinja mumtondo umodzi, kubwerekana chipande ndi lichero, kuyambira mwanayo ali buthu mpaka nayenso atakhala ntchembere ya zidzukulu. Ukwati unkatha kutha, mkamwini n'kupinda mphasa yake kubwerera kwawo, koma awiriwa ankasiyanitsidwa ndi manda okha.

Anthu awiri okhala moyandikana chotero moyo wonse sangalephere kulakwirana, ndipo makolo ankazidziwa zimenezi. N'chifukwa chake mwambo sunkalola kuti mayi alange yekha mwana wake pa nkhani zachikulu. Msungwana akasiya kugona m'nyumba ya makolo ankakagona kukuka kwa agogo ake, kapena kugowelo ndi anzake. Tsiku limene waona zachilendo m'thupi mwake sankathamangira kwa amake. Ankanong'oneza agogo kapena amayi ake aang'ono, ndipo iwowo ndiwo ankapita pakhomo pa make mwana n'kukanena kuti, "Mwana wanu uja wakula." Mayiyo ankauza namkungwi, namkungwi n'kukauza mfumu, ndipo zokolola zikalowa m'nkhokwe chinamwali chinkakonzedwa. Namwali ankapatsidwa phungu womuperekeza kutsimba ndi kumtengo. Kumeneko mayi ankatula kwa anamkungwi zonse zimene zinkamuwawa mumtima: mwanayu ngwamwano, ndikamuitana amayankha ali chiimire, amalowa kuchipinda kwathu osaodira. Anamkungwi ndiwo ankamudzudzula namwaliyo, ndi nyimbo, ndi mawu olasa, mwina ndi kumutsina kumene. Dandaulo la mayi linkafika kwa mwana kudzera pakamwa pa munthu wina. Nalonso dandaulo la mwana linali ndi njira yake, pakuti agogo ndi mdzukulu amaseka limodzi, ndipo zimene msungwana sakanayerekeza kunena pamaso pa amake ankazinena momasuka kukuka, agogo n'kukazipereka mawa lake atazifewetsa. Mphika sukhazikika pa mafuwa awiri, ndipo fuwa lachitatu pa moyo wa mayi ndi mwana linali mkazi wamkulu wapakatiyu.

Sikuti zonse za nthawi imeneyo zinali zokoma ayi. Namwali ankatuluka m'tsimba atasenza malamulo olemera, monga lakuti asathire mchere m'ndiwo ali kumwezi kuopa kudula anthu pakhomo. Ambiri ankakwatiwa akadali ana, ndipo m'midzi ina munali mwambo wa fisi, wopweteka atsikana, umene palibe chifukwa choukometsera. Koma dongosolo loika munthu pakati linali lanzeru, ndipo linkabwerezedwa pa mimba yoyamba, pa chisamba, pamene ntchembere zinkasonkhananso kulangiza mtsikanayo za uchembere.

Chinthu choyamba kugwedeza dongosololi chinali nkhondo. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo pofika m'ma 1870 gulu la Chiwere linali litakhazikika m'mapiri a Dowa. Kunyanja, ku Nkhotakota, a Jumbe anali atayamba kale kugula anthu n'kumawawolotsa pa zombo. Midzi ina inamanga malinga, ina inathawira m'phiri la Ntchisi. Asungwana ambiri anagwidwa, n'kukakulira kutali ndi amayi awo, ena ku ukapolo kumene sanabwerereko, ena m'midzi ya Angoni kumene mkazi amakhala kwa mwamuna ndipo ana ndi a bambo. Kumeneko wolamula mtsikana anali apongozi ake. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni a m'dziko lino m'ma 1930 n'kudzalemba buku la Children of Their Fathers, anaona kuti mwana akaleka kuyamwa ankayang'aniridwa kwambiri ndi agogo ake a kuchimuna. Mkazi wapakati uja sanasowe, anangochokera mbali ina. Ndi m'nyengo yomweyi pamene chitengwa, chotengera mkazi kwawo kwa mwamuna, chinayamba kuzolowereka ngakhale pakati pa Achewa.

Pa 28 Novembala 1889, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anayamba mishoni pa Mvera, m'dziko la Chiwere. Mu 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe, ndipo mu 1896 Nkhoma inatsatira. Zaka za m'ma 1890 zisanathe, pa Mvera panali patatsegulidwa nyumba yosungiramo atsikana, kumene ankaphunzira kuwerenga, kusoka, kuchapa ndi kusita. Mpingo unaletsa Nyau, unaletsanso chinamwali, ndipo Mkhristu wotumiza mwana wake kutsimba ankapatsidwa chilango. Apa ndi pamene panabadwira mkangano umene tikuudziwa lerowu. Kale mayi ndi mwana ankakangana pa za ulesi ndi mwano, koma onse ankavomerezana pa chimene chili chabwino ndi chimene chili choipa. Tsopano mwana anabwera kumudzi ndi buku m'manja, buku limene amake sankatha kuliwerenga, ndipo linkatsutsa zimene amakewo anaphunzitsidwa. Mayi ankafunsa kuti, "Mwanawe, ukhala mwana mpaka liti? Ntchembere zidzakulola bwanji kuchikuta usanavinidwe?" Mwana ankayankha kuti, "Amayi, ndikapita kumeneko andichotsa m'kalasi." Mayiyo ankaopa mdulo ndi chitonzo cha mudzi. Mwanayo ankaopa kutaya ubatizo ndi sukulu. Aliyense mwa awiriwa ankaona kuti mnzake akupita kuimfa, ndipo namkungwi amene akanawayanjanitsa ndiye anali pakati pa mlandu weniweniwo.

Zinatenga zaka pafupifupi makumi anayi kuti mpingo uone dzenje limene unakumba. Atsikana a m'mabanja achikhristu ankakula popanda wowalangiza, pakuti amayi awo, ngakhale anali obatizidwa, sankatha kuswa mwambo wakale n'kuyamba kukamba okha zachikulu ndi ana awo. Ena ankawatumiza kutsimba mobisa. M'zaka za m'ma 1930 mpingo wa Nkhoma unakhazikitsa chilangizo, n'kusankha amayi okhwima m'chikhristu kuti akhale alangizi, ndipo mu 1940 Chigwirizano cha amayi chinayamba. Isabel Apawo Phiri analongosola bwino mbiri imeneyi m'buku lake la 1997, Women, Presbyterianism and Patriarchy. Kuona kwanga n'kwakuti amishoni anachedwa kuphunzira chimene agogo a m'midzi ankachidziwa kale. Anachotsa namkungwi, kenako anamubwezera atavala duku loyera ndi Buku Lopatulika m'manja.

Mabuku athu oyamba anatuluka m'sukulu za mishoni zomwezi. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mpingo wa Nkhoma wobadwa mu 1905, anatulutsa Nthondo mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ndi nkhani ya mnyamata, kuyambira kubadwa kwake mpaka ufumu ndi kutembenuka mtima. Nthara analembanso Mbiri ya Achewa, ndi mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi kuno ku Dowa, ndipo mu 1949 anatulutsa Nchowa, buku limene mwini nkhani wake ndi mkazi. M'ma 1960 John Gwengwe analemba Kukula ndi Mwambo. Panabweranso E.J. Chadza, Jolly Max Ntaba, Willie Zingani, Whyghtone Kamthunzi ndi ena, amene mabuku awo tinawawerenga m'kalasi. Onsewa ndi akatswiri, ndipo ndimawalemekeza. Koma onse ndi amuna, ndipo mwamuna salowa kutsimba, salowa kuchikuta, sakhala pamtondo. Mayi ndi mwana wake wamkazi m'mabuku athu ambiri timawaonera patali, monga momwe mlongo kapena mwamuna amawaonera ali pabwalo. Zimene awiriwa amauzana chitseko chitatsekedwa zinatsala m'nyimbo za pamtondo ndi m'nthano za kukuka.

Pamene mpingo unkalimbana ndi tsimba, boma la atsamunda linali litabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo msonkho unafuna ndalama. Ena anazipeza mu fodya, amene anafala m'maboma a Lilongwe ndi Dowa kuyambira m'ma 1920, makamaka bungwe la Native Tobacco Board litakhazikitsidwa mu 1926. Ambiri anazifuna kutali. Anayenda wapansi kupita ku Halale, ena anakwera magalimoto a ulere, ena analembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ena ndi Mthandizi kupita ku mapulazi a ku Southern Rhodesia. Komiti ya Travers Lacey, imene boma linaika mu 1935, inayerekeza kuti amuna 120,000 a dziko lino anali kunja. M'midzi yambiri mayi ndi mwana wake wamkazi anatsala onse opanda amuna, akulima munda umodzi, akudikira kalata. Umphawi unawamangirira pamodzi koposa kale.

Koma akazi ena anatsatira amuna awo, ndipo kumeneko kunabadwa mbadwo watsopano. Msungwana wobadwira ku Highfield kapena ku Harari, dera limene lero ndi Mbare, kapena pa mgodi wa Wankie, kapena pa pulazi ya fodya ku Mashonaland, ankakula akulankhula Chishona kapena Chindebele panja, Chingerezi kusukulu. Amake ankamulankhula m'Chichewa, iye n'kuyankha m'Chishona. Anzake akamutonza kuti ndi mwana wa mabhurandaya ankachita manyazi ndi malankhulidwe a amake, ndipo mayi ankamva kuwawa poona kuti mwana wobereka yekha akumuthawa pamaso pa anthu. Agogo anali atatsala ku Dowa kapena ku Ntchisi, ulendo wa masabata. Atsibweni kunalibe. Matchona anayesetsa kudzipangira mudzi kumene analiko: anayambitsa mabungwe a maliro, anaika mafumu awo m'makomboni, Gule Wamkulu anavinidwa, ndipo amayi achikulire osakhala achibale anasenza unamkungwi. Kumene zimenezi zinatheka mabanja analimba. Kumene sizinatheke, mayi ndi mwana anangoyang'anizana awiriwiri m'kachipinda kamodzi, wina akudziwa mwambo wopanda womuthandiza kuupereka, wina akudziwa dziko latsopano limene amake ankaliopa.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Dr Hastings Kamuzu Banda anatenga mawu a m'mudzi wa Chichewa n'kuwakweza kukhala a dziko lonse. Amayi onse anakhala mbumba yake, iye n'kukhala Nkhoswe yawo yoyamba. Mu 1968 Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko, ndipo chaka chomwecho panabwera lamulo lounika mabuku asanafike kwa anthu. Mu 1973 lamulo la kavalidwe linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Mkangano wa pakhomo, wakuti mwana wamkazi avale chiyani, unalowa m'manja mwa apolisi ndi achinyamata a chipani. Mayi wodzudzula mwana wake anali ndi boma kumbuyo kwake, koma mayi yemweyo ankasiya ana ndi munda kukavina kumisonkhano, afune asafune. Emily Mkamanga anadzalemba za zaka zimenezi m'buku la Suffering in Silence, lotuluka mu 2000. Ulendo wa Wenela nawo unaduka mu Epulo 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi. Amuna zikwizikwi anabwerera kumudzi, ndipo ambiri a iwo sanafunenso kukhala akamwini.

M'zaka zomwezo, kutsidya kwa nyanja zazikulu, ana aakazi a anthu ena obwera anayamba kulemba za amayi awo, ndipo mbiri yawo ndi yoyenera kuti mwana wa mtchona aimve. Golide atapezeka ku California mu 1848, amuna a kumwera kwa China anakhamukira kumeneko, ndipo m'ma 1860 ambiri anagwira ntchito yomanga njanji yodutsa dziko la America. Akazi anatsala kumudzi. Lamulo la Page la 1875 linatsekereza akazi ambiri a ku China, la 1882 linatsekera kunja antchito ochokera kumeneko, ndipo linachotsedwa mu 1943. Nthawi yonseyo madera a Matchaina m'mizinda ngati San Francisco anali odzaza ndi amuna, mabanja ali ochepa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha akazi anayamba kufika ambiri, ena atapulumuka nkhondo ya Japan, ena akuthawa kusintha kwa boma kwa 1949. Ana awo anabadwira ku America n'kukula ndi Chingerezi. Agogo anali atatsala ku China.

Jade Snow Wong anatulutsa Fifth Chinese Daughter mu 1950, kufotokoza za msungwana wofuna maphunziro m'banja limene linkaika patsogolo ana aamuna. Koma buku limene linatsegula chitseko kwenikweni ndi The Woman Warrior la Maxine Hong Kingston, la 1976. Kingston anabadwira ku Stockton mu 1940. Amake anaphunzira za udokotala ndi uzamba ku China, koma ku America ankagwira ntchito yochapa zovala za anthu. Bukuli limayamba ndi mayi akuuza mwana wake, amene wangotha msinkhu kumene, za azakhali ake amene anatenga mimba mwamuna wawo ali kutali, mudzi n'kuukira banjalo, iwo n'kudziponya m'chitsime pamodzi ndi khanda. Mayiyo akumuchenjeza mwanayo kuti asadzauze munthu. Mchewa aliyense powerenga pamenepa azindikira kuti iyi ndi ntchito ya namkungwi, koma yagwera mayi wobereka chifukwa palibe wina woti aigwire. Ndipo yagwirika mopweteka. Mwanayo akutsala ndi mantha, osadziwa kuti m'mawu a amake choona n'chiti, nthano ndi iti, ndipo alibe agogo oti akawafunse.

Amy Tan anabadwira ku Oakland mu 1952. Anakula kaye asanadziwe kuti amake, a Daisy, anasiya ana aakazi atatu ku China pochoka mu 1949. Mu 1987 anapita nawo amakewo ku China kukaonana ndi abale akewo, ndipo mu 1989 anatulutsa The Joy Luck Club, limene mu 1993 linasanduka filimu. Muli nkhani 16 za amayi anayi ndi ana awo aakazi anayi ku San Francisco. Amayiwo anaona nkhondo, njala, maukwati okakamizidwa, ndipo akufuna kuti ana awo apambane pa chilichonse. Anawo akuona ngati amayi awo sakhutira nawo, ndipo amachita manyazi ndi Chingerezi chothyokathyoka cha amayiwo. Chimene chimandikhudza m'bukuli ndi ichi: mmodzi mwa amayiwo, Suyuan Woo, akumwalira asanamvane ndi mwana wake Jing-mei, ndipo amene akudzamuuza mwanayo kuti abale ake amapasa, amene anasiyidwa panjira nthawi ya nkhondo, apezeka ali moyo, n'kumusonkhera ndalama ya ulendo, ndi amayi atatu aja amene ankasewera mahjong ndi amake. Si achibale, koma iye amawaitana ngati achibale. Anachita zomwe amayi a m'makomboni a ku Rhodesia anachita. Chisoni chake n'chakuti anafika mayi atapita kale.

Kufupi ndi kwathu, Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe anatulutsa Nervous Conditions mu 1988. Mmenemo mtsikana wotchedwa Nyasha akubwera kuchokera ku England ataiwala Chishona chambiri, ndipo amake a mtsikana wina, Tambudzai, akuopa kuti sukulu ya mishoni iwalanda mwana wamkazi monga inawalandira wamwamuna. Walije Gondwe, mmodzi mwa akazi oyamba a ku Malawi kutulutsa buku la nthano yaitali, anatulutsa Love's Dilemma mu 1985, akukhala ku Britain. Onsewa analemba m'Chingerezi.

Chaka cha 1994 chinasintha zambiri nthawi imodzi. Lamulo la kavalidwe linali litachotsedwa pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unkatha. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ndipo ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni. Atsikana ambiri a m'midzi ya kwa Dzoole, kwa Kayembe, kwa Chakhaza ndi kwa Kalumo anakhala oyamba m'bele lawo kudziwa kulemba. Chaka chomwecho ndende yakale ya Dzaleka inasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo, ndipo lero kuno ku Dowa kuli atsikana obadwira mumsasamo amene Chichewa chawo n'chosalala kuposa cha amayi awo a ku Rwanda, Burundi ndi Congo, moti kumsika ndi kuchipatala mwana ndiye amamasulirira mayi. Nkhani ya Amy Tan ikuchitika pafupi ndi boma lathu lomwe.

Koma chimene chinaphwanya dongosolo lakale koposa mishoni ndi Wenela ndi Edzi. Matendawa anapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004. Pakati pa zaka ziwirizi panagona mbadwo wa amayi. Agogo amene ntchito yawo inali kuseka ndi mdzukulu ndi kumunenera kwa amake anasanduka mayi wolera, wofuna chakudya, wofuna yunifolomu, wokalipa. Mdzukulu akakangana nawo analibenso kuka kothawirako. Atsikana ambiri anakwatiwa msanga kuti pakhomo pachepe pakamwa. Pambuyo pake boma linalowererapo: lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatiwira, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto anatchuka pothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu. Nkhani ya thalauza nayo sinathe ndi kuchotsedwa kwa lamulo. Mu Januwale 2012 mavenda ena anavula akazi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha kavalidwe, ndipo amayi anachita msonkhano wotsutsa nkhanzazo, achikulire ndi achitsikana pamodzi.

Lero amene akupita ku Joni si amuna okha. Mukaima pa Mponela m'mbali mwa msewu wa M1 kumapeto kwa mwezi, muona mayi wa duku atagwira chitupa chake cha unzika, mdzukulu kumbuyo, ali pamzere wa Mukuru. Ndalama yatumizidwa ndi mwana wake wamkazi amene akulera ana a eni ake ku Johannesburg kapena ku Cape Town. Ya feteleza ichokera pamenepo, ya malata, ya fizi ya mng'ono wake. Madzulo mnyamata wa pakhomo awatsegulira WhatsApp, ndipo awiriwo ayamba. "Mwanawe, chithunzi chija watumiza wavala chiyani? Anthu kuno aona." "Amayi, zimenezo n'zakale. Nanga ndalama ija ndinati mugule simenti yapita kuti?" "Kunagwa maliro kwa atsibweni ako. Ndikanangokhala?" Nkhani ipita kwa mwamuna amene mwanayo akukhala naye popanda ankhoswe, ku mpingo watsopano umene walowa, ku funso lakuti abwera liti kudzaona mwana wake amene wayamba kuitana agogo kuti amayi. Kuyambira nthawi ya Nyangu munda ndi chakudya zinkatsika kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Tsopano zikukwera kuchoka kwa mwana kupita kwa mayi, ndipo n'kovuta kulanga munthu amene akukudyetsa, n'kovutanso kumvera munthu amene ukumudyetsa. Pa foniyo pali anthu awiri okha. Mawu akalasa, mmodzi amangodula, ndipo pamatha mwezi osalankhulana. Pamene ziwawa zothamangitsa alendo zinabuka ku South Africa mu 2008, 2015 ndi 2019, amayi omwewa ndiwo anagona maso kudikira kuti foni ilire.

Ana aakazi a m'dera lino la Africa ayamba kulemba zimenezi. Ellen Banda-Aaku wa ku Zambia anatulutsa Patchwork mu 2011, nkhani ya msungwana wa ku Lusaka ndi amake ovutika ndi mowa. Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka n'kukulira ku America, anagawa The Old Drift la 2019 m'zigawo za agogo, amayi ndi ana. Upile Chisala wa ku Malawi walemba ndakatulo zambiri za ukazi ndi za amayi amene anatsogola. Ndi ntchito yabwino, koma mayi wa pamzere wa Mukuru uja sangaiwerenge, monganso amayi ambiri a ku Chinatown sakanatha kuwerenga zimene ana awo analemba za iwo.

Inu asungwana a ku Mponela, Madisi, Malomo ndi kwa Nthondo amene mumadziwa kulemba, kaya muli kumudzi, ku Lilongwe, ku Harare kapena ku Joni, ntchitoyi ndi yanu, ndipo Nthara sakanaigwira m'malo mwanu. Mukapita kumudzi khalani pansi ndi amayi anu. Afunseni amene anawavina, chimene anakanganirana ndi agogo anu, mwana amene anamwalira inu musanabadwe, chaka chimene bambo awo anapita ku Halale. Ngati mafunsowo akulemerani pakamwa, tengani amayi anu aang'ono kapena mlangizi wa kumpingo akhale pakati panu. Zimene mumve mukazilembe m'Chichewa, ndipo mukamaliza mukawawerengere eni akewo akadali moyo.